Kumanga nyumba ya lendi pa Mangochi osalira nayo

Pa Mangochi pano nyumba zoimira pa lintala n'zambiri. Mukayenda ku Mpondasi, kapena mukawoloka mlatho wa Bakili Muluzi kulowera ku M'baluku, mudzaziona: khoma lakwera bwinobwino, mawindo ali pululu, mkati mwamera tchire, mbuzi zikuthawiramo dzuwa. Eni ake sanali aulesi ayi. Ena ankatumiza ndalama kuchokera ku Joni mwezi ndi mwezi, ena anathiramo penshoni yonse. Chinawagwetsa n'chakuti anathamangira njerwa asanamudziwe munthu wodzalipira lendiyo, masamu osawerenga. Enanso anamaliza ndithu, koma lero sagona tulo ndi mabilu a madzi, chimbudzi chotitimira, ndi alendi oti pakutha pa mwezi foni imakhala yothima.

Ine ndili ndi zitseko zinayi za mdadada ndi kanyumba kamodzi ka zipinda ziwiri. Zolakwa zingapo zomwe ndalemba pansipa ndinazichita ndekha, n'kulipira ndi ndalama zanga.

Zofunika musanayambe

- Kope la chikuto cholimba ndi buku la malisiti lokhala ndi kaboni.
- Chiphaso cha unzika ndi nambala ya msonkho ya ku MRA, ija amati TPIN.
- Mapepala a malo, kapena njira yodziwika yowapezera.
- Pulani ya nyumba yojambulidwa ndi wodziwa ntchitoyo.
- Akaunti ya kubanki, kapena nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, yoti izilandira lendi yokha basi.
- Tepi yoyezera ndi foni yojambula bwino.
- Mboni ziwiri zomwe si abale anu.
- Ndalama yapambali, yosawerengeredwa pa zomangira.

1. Yambani ndi munthu, njerwa zibwere pambuyo

Dzifunseni kuti nyumbayi mukumangira ndani. Tawuni ino ili ndi alendi amitundumitundu ndipo zofuna zawo n'zosiyana. Namwino wa pa chipatala cha boma, mphunzitsi kapena wapolisi amafuna mpanda, madzi a m'nyumba ndi njira yoti abwerere usiku mosaopa. Malipiro ake amabwera pakutha pa mwezi, choncho tsiku lomupeza mumalidziwa. Ophunzira a ku DMI St John the Baptist kapena a zachipatala obwera kudzaphunzira ntchito amalolera kugawana chipinda, koma tchuthi chikafika amanyamuka, ena osatsanzika. Wa geni ya nsomba amalipira bwino nyanja ikamapatsa, koma ikatsekedwa kumapeto kwa chaka, kapena mwera ukavuta m'nyengo yozizira, naye thumba limauma. Wakabaza amangofuna chitseko chimodzi, chokhoma bwino, choti njinga ilowe.

Tengani masabata awiri mukuyenda m'dera lomwe mwaliyang'ana. Dzisandutseni wofuna nyumba, muzifunsa mitengo. Lembani m'kope kuti chipinda chimodzi chikupita zingati, ya zipinda ziwiri zingati, ndipo koposa zonse muwerenge nyumba zopanda anthu. Ngati mumsewu umodzi muli nyumba zitatu zikuluzikulu zamatayilosi zomwe zakhala zotseka miyezi ingapo, pamene mdadada uliwonse n'ngodzaza, ndiye kuti deralo lakuuzani kale chomanga.

Chenjezo: musamange nyumba yomwe inuyo mukanakonda kukhalamo. Anthu olipira lendi ya nyumba ya zipinda zinayi pa boma pano ndi owerengeka, ndipo bungwe lomwe lawatuma likamaliza pulojekiti amapita onse tsiku limodzi.

2. Werengani chaka ngati cha miyezi khumi

Apa m'pomwe ambiri timadzinamiza. Timachulukitsa lendi ndi 12, n'kuyamba kumwetulira. Chaka cha landilodi chili ndi miyezi khumi: umodzi nyumba imakhala yopanda munthu, wina umathera pa yemwe wathawa ndi ngongole.

Tiyerekeze kuti mukufuna zitseko zinayi, chilichonse pa K40,000. Pa mwezi ndi K160,000, pa miyezi khumi ndi K1,600,000. Chotsanipo gawo limodzi mwa magawo asanu, K320,000, la penti, maloko, mipope yodontha ndi kupopetsa chimbudzi. Zatsala K1,280,000, ndipo apa msonkho ndi za kukhonsolo simunachotse. Ngati malo ndi kumanga zadya K16,000,000, ndalama yanu ibwerera pakatha zaka zoposa khumi ndi ziwiri. Ikanimo manambala anuanu, koma ndondomeko ikhale yomweyi. Yankho likakukhumudwitsani, kuli bwino kukhumudwa muli pa kope kusiyana n'kukhumudwa muli pa lintala.

Kumbukiraninso kuti zipangizo zimathamanga, lendi imakwawa. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, simenti ndi malata zinakwera masiku omwewo, koma alandilodi ambiri sanathe kukweza lendi chimodzimodzi, chifukwa malipiro a alendi sanakwere mofanana. N'chifukwa chake ndalama zomangira si zosunga nthawi yaitali. Gulirani malata, mafelemu, zitseko ndi mawaya n'kusunga. Simenti yokha musasunge, imauma m'thumba ikakhala miyezi, makamaka kuno kwa chinyontho cha kunyanja.

Chenjezo: katapila samangira nyumba ya lendi. Ngakhale ngongole ya banki m'khonde, chiwongoladzanja chake cha pamwezi chimaposa zomwe chitseko chingabweretse.

3. Malo: funsani mbumba, funsani ofesi

Nkhaniyi ndiifotokoza motalikirapo chifukwa inandiluma. Puloti yanga yoyamba ndinagula kwa bambo wina waulemu wake, amfumu a m'mudzi analipo, tinalemberana papepala, zoziziritsa kukhosi tinamwa. Faundeshoni itatha kunabwera mayi wina wachikulire atafunda chitenje kumutu, n'kukhala pa mulu wa mchenga. Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Achimwene, malo awa ndi a mayi athu. Wakugulitsani ndani?" Wondigulitsayo anali mlongo wawo, ndipo alongo ake atatu sanawauze kanthu. Ndinalipira kawiri.

Kuno, m'mabanja ambiri a Chiyao ngakhalenso a Chinyanja, malo amayenda kuchikazi. Mwamuna yemwe akukuonetsani malire akhoza kukhala mkamwini chabe, kapena mwinimbumba woyang'anira za alongo ake osati mwini. Ndiye chitani izi:

- Funsani kuti malowa anali a ndani poyamba, ndipo anafika bwanji m'manja mwa wogulitsayo.
- Alongo ake, amalume ndi mkazi wake abwere, asaine kapena adinde chala. Wogulitsayo akakana kuwaitana, nyamukani.
- Chezani ndi oyandikana nawo onse anayi wogulitsayo palibe. Iwo ndi amene amadziwa ngati pulotiyo inagulitsidwapo kale.
- Musanalipire, pitani ku ofesi yoona za malo kwa DC komanso kukhonsolo ya tawuni mukafunse kuti malowa ali m'gulu liti. Malamulo a malo anasintha mu 2016, n'kukonzedwanso mu 2022, ndipo kalata ya amfumu payokha siikutetezani mokwanira pa malo a m'tawuni.
- Ngati malowo ali ndi lizi, onani chikalata chenichenicho, osati fotokope, mutsimikize dzina, zaka zotsala, komanso ngati ndalama yapachaka ya ku Unduna wa za Malo yakhala ikulipiridwa.
- Lipirani kudzera kubanki kapena pafoni kuti patsale umboni. Tsiku lomwelo yezani ndi tepi, mukwirire zizindikiro za konkire m'makona, mujambule zithunzi mboni zili pomwepo.

Chenjezo: madobadoba amakonda mawu oti "pali wina akubwera ndi ndalama mawa". Musiyeni abwere. Samalaninso ndi puloti yokhudza msewu waukulu, monga wa ku Liwonde, wa ku Monkey Bay kapena wa ku Namwera, ndi ya pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM. Nyumba zolembedwa X wofiira, zoti zigwetsedwe, mumaziona nokha.

4. Malowo mukawaone mu February

Puloti iliyonse pa Mangochi imakongola mu September. Chikomekome cha mkuyu. Tawuni ino yakhala pachigwa, pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe, Shire akudutsa pakati, ndipo madzi a pansi sali patali. Mu 2024 nyanja itakwera, malo ogona alendo ambiri a m'mphepete mwake analowa madzi, ndipo amenewo anamangidwa ndi anthu a ndalama zawo. Pitani mvula itagwa usiku wonse. Ngati simungadikire dzinja, yang'anani makoma a nyumba zoyandikana: mzere wakuda kapena pulasitala yofufuma m'munsi ikuuzani pomwe madzi amafika. Bango, kapena dothi lakuda long'ambika m'chilimwe, ndi chizindikiro chakuti faundeshoni idzakudyerani zambiri. Funsaninso amayi achikulire a pafupi kuti njira imapitika bwanji mu January. Iwo sanama, alibe chogulitsa.

5. Pulani ndi chilolezo

Perekani pulani kukhonsolo, mulipire, mudikire chidindo musanakumbe. N'zotopetsa, koma kugwetseredwa khoma kumatopetsa kuposa apo. Pa pulani yomweyo onetsani zitseko zonse zomwe mukufuna kudzakhala nazo, ngakhale muyamba ndi ziwiri, kuti chimbudzi, sepitiki ndi njira zisadzapezeke pomwe pakufunika chipinda.

6. Mangirani kutentha, chiswe ndi mchenga

Mangani pang'onopang'ono koma momaliza. Zitseko ziwiri zofolera, zolowa anthu, zimathandiza kumanga zina ziwiri. Zitseko zisanu ndi chimodzi zoimira pa lintala zimangodya mvula.

Aliyense amene anagonapo pa Mangochi mu October amadziwa kuti chipinda chamalata otsika, chawindo limodzi, ndi uvuni. Wa lendi amapirira mwezi umodzi, kenako amayamba kufunsa kwina. Kwezani khoma ndi mizere iwiri kapena itatu kuposa momwe mmisiri wazolowerera, ikani mawindo mbali ziwiri kuti mphepo izidutsa, pewani windo lalikulu loyang'ana kumadzulo, ndipo siling'i musaiyese yokongoletsera. Khonde likhalepo ngakhale laling'ono, poti m'pomwe anthu amaphikira ndi kucheza. Waya wa udzudzu pa mawindo ndi wotchipa pomanga, ndipo wa ana aang'ono amauona asanaone penti.

Pa faundeshoni thirani mankhwala a chiswe, yalani pepala lakuda lija loletsa chinyontho, ndipo simenti ya pansi m'nyumba ikwere kuposa msewu. Matabwa a denga apakidwe mankhwala inu mukuona. Za njerwa, dziwani kuti kuyambira mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi za malonda, choncho funsani pomwe mukupereka pulani ngati yanu ikufunika mabuloko a simenti. Mukagula mabuloko, ponyani limodzi pansi kuchokera m'chiuno. Likanyenyeka ngati chigumu, simenti anaba.

Chimbudzi ndiye mutu wa nkhani. Dothi lamchenga limagumukira mkati, ndiye dzenje limangidwe ndi njerwa kuyambira pansi, ndipo litalikirane ndi chitsime ndi mamita osachepera 30. Alendi anu ambiri kuno adzakhala Asilamu, omwe amadziyeretsa ndi madzi, choncho ikani mpope pafupi, pansi pakhale potsetsereka bwino, ndipo dzenje likhale lalikulu poti lidzalandira madzi ambiri. Siyani malo oti galimoto yopopa idzafike. Mabanja anayi pa chimbudzi chimodzi ndi bafa imodzi ndi mkangano wa m'mawa uliwonse, mangani ziwiri.

Mmisiri mulipireni pa gawo lomwe latha: faundeshoni, pawindo, lintala, denga, pulasitala. Mukamupatsa zonse poyamba mudzamusaka mpaka ku Makanjira. Inu amene muli ku Joni, musatumize ndalama zonse kwa mbale mmodzi n'kumadikira zithunzi, chifukwa nyumba ya eni ake imajambulikanso. Lipirani zipangizo mwachindunji ku sitolo, muitanitse lisiti, ndipo pakhale munthu wachiwiri wosakhala wa m'banjamo woti aziwerenga matumba a simenti. Imbani pa vidiyo ya WhatsApp, muuze wogwira foniyo ayambire kumsewu, adutse pa mtengo womwe mukuudziwa, mpaka alowe m'nyumba.

7. Chitseko chilichonse mita yake

Nkhondo zambiri za pa mdadada zimayambira pa magetsi ndi madzi. Wina ali ndi firiji yogulitsira mafizi, wina ali ndi babu limodzi, koma mayunitsi akuti agawane mofanana. Lembetsani ku ESCOM mita yolipiriratu ya khomo lililonse, ndipo lembetsani msanga, nyumba ikadali pa denga, chifukwa kudikira kumakhalapo. Mawaya akoke munthu wa satifiketi. Wotchipa wa pamsika adzakutenthetsani nyumba.

Madzi a Southern Region Water Board, ngati mita ndi imodzi, musasiye kuti alendi azisonkherana okha kukalipira. Bilu ili m'dzina lanu, ndipo akadula adula inu. Ine ndinapeza ngongole ya miyezi isanu, aliyense akuloza mnzake. Tsopano ndimawerengera mutu wa munthu, osati khomo, ndimatolera pamodzi ndi lendi, n'kukalipira ndekha, lisiti n'kumata pakhoma la bafa. Mwezi uliwonse tsekani mipope yonse muone ngati mita ikuyendabe. Ikamayenda, paipi yaphulika pansi.

8. Kusankha wolowa

Nyumba ikhale mwezi wopanda munthu kusiyana n'kulowetsa wolakwika. Onani chiphaso chake, mudziwe komwe amagwira ntchito kapena pomwe pali benchi yake, mufunse kuti akhalamo angati. Pemphani nambala ya landilodi wake wakale ndipo muimbedi. Wofika madzulo katundu ali kale pa ngolo, akuti ndalama apereka Lachisanu, nthawi zambiri wathawa kwina.

9. Lemberanani

Tsamba limodzi, m'Chichewa chomveka, makope awiri, mboni ziwiri. Mulembe izi: mayina ndi manambala a ziphaso, lendi ndi tsiku lolipira, dipoziti ndi zomwe idzalipire, wolipira madzi, magetsi ndi zinyalala, notisi ya mwezi umodzi mbali zonse, nthawi yomwe lendi ingakwere ndi notisi yake, chiwerengero cha okhalamo, komanso kuti saloledwa kulowetsamo wina iye n'kumatolera. Lembaninso zomwe simulola pamalopo, kaya ndi kugulitsa mowa, kuyanika usipa pabwalo la onse, kapena kuweta. Pa mdadada wosakanikirana zipembedzo ndi bwino kunena poyera za zophika pa malo ogawana, anthu asanayambane.

Tsiku lolowa yendani naye chipinda ndi chipinda, mujambule makoma, magalasi, maloko ndi manambala a pa mita. Zithunzizo mutumizireni pa WhatsApp nthawi yomweyo. Podzatuluka sipadzakhala zoti "ndinapeza chosweka kale".

Chenjezo: dipoziti si yanu. Isungeni. Komanso lendi ya miyezi itatu yolipiriratu imakoma tsiku lolandira, koma mukaidya mwezi woyamba mudzakhala miyezi iwiri mukuyang'ana nyumba yanu ngati ya eni.

10. Kutolera ndi misonkho

Tsiku likhale limodzi, njira imodzi, lisiti nthawi zonse, ngakhale walipira theka. Gawo la zokonzera lichoke tsiku lomwelo lisanakumane ndi ndiwo. Ndalama ya lendi ndi phindu lomwe MRA imadulapo msonkho. Bungwe kapena kampani ikachita lendi nyumba yanu imadula gawo isanakupatseni, ndipo muziitanitsa satifiketi yosonyeza kuti yadula. Kukhonsolo nakonso kuli msonkho wa nyumba. Ukaunjikana umadzatulukira tsiku lomwe mukufuna kugulitsa kapena kusintha dzina.

11. Akasiya kulipira

Pitani sabata yoyamba, osati mwezi wachitatu. Khalani pansi mumve. Mphunzitsi yemwe malipiro achedwa n'ngosiyana ndi munthu yemwe wagula sofa yatsopano. Wina anandiuza kuti, "A landilodi, ndipirireni mpaka pa 15, mwana anagonekedwa," ndipo pa 15 anabweradi. Zomwe mwagwirizana zilembedwe, asaine. Akaphonya kawiri, mpatseni notisi yolemba, mboni ilipo, inu n'kusunga kope. Akakanabe kutuluka, nkhani ipite kwa amfumu a deralo, ikakanika ku khoti la majisitireti.

Chenjezo lalikulu: musazule chitseko, musasasule malata, musakhome loko wanu katundu wake ali mkati, musalande TV. Mukatero wangongole uja amasanduka wodandaula, inu woyankha mlandu, ndipo adzanena kuti m'chikwama munali ndalama zomwe simungathe kutsutsa.

Zolakwa zomwe zimabwerezedwa

Kulowetsa mbale. Mwana wa achemwali akalowa, lendi yasanduka nkhani ya pamaliro ndi paukwati, ndipo kumutulutsa kumafuna msonkhano wa banja lonse. Ngati mukufuna kumuthandiza, mulipirireni mwezi umodzi kwa landilodi wina.

Kusiya mkazi kapena mwamuna wanu mumdima. Mapepala a malo, kope ndi mapangano adziwike komwe ali, ndipo lembani wilo. Nyumba za lendi n'zomwe abale amayamba kuthamangira mwini akatsikira kuli chete.

Kukweza lendi modzidzimutsa chifukwa mwamva kuti wa pafupi wakweza. Wolipira pa tsiku lake, wosesa pabwalo, ndi wofunika kuposa K5,000 yowonjezera. Kwezani kamodzi pa chaka, pang'ono, mutanena kudakali miyezi iwiri, ndipo musasankhe January pomwe fizi ndi feteleza zakumana.

Kuchedwetsa zokonza zing'onozing'ono. Msomali umodzi wodontha mu December ndi siling'i yonse mu March. Kwerani padenga mu October, musese ngalande, muone ngati chiswe chayamba kumanga njira zake pakhoma.

Kukhala pamalo pomwepo n'kumalowerera zonse. Ngati nanunso mumakhala mumpanda womwewo, musawerenge alendo a anthu kapena kununkhiza mapoto. Ndinataya namwino wolipira bwino kwambiri chifukwa mayi a kunyumba ankakhoma geti 9 koloko usiku, iye akuchokera ku shifiti. Dulitsani makiyi a geti, aliyense akhale ndi yake.